Khomo Limene Akatswiri Analidumpha

Tsiku limene Femke Hoekstra analephera kachiwiri mayeso a chitetezo cha makompyuta, anakankha njinga yake mumvula ya mumzinda wa Leeuwarden mpaka kunyumba, misozi ili chuchuchu. Zaka 46, ntchito palibe. Sukulu imene ankaisamalira kwa zaka makumi awiri, kukhoma makomo ana akaweruka, inali itatsekedwa.

Koma mayiyu ndi wamakani, ndikukuuzani! Anawerenganso, kachitatu n'kukhoza. Kakampani kena kanamupatsa sabata imodzi yokha: akaonetsa luso amulemba ntchito, apo ayi azibwerera kwawo.

Anamutuma kuyesa fayawolo, mpanda woteteza makompyuta a fakitale ina ya tchizi, chakudya chopangidwa ndi mkaka, eni ake atapempha. Mpanda woterewu uli ndi makomo 65,535, koma pulogalamu yogogoda makomowo, ukapanda kuilamula, imangoyesa chikwi chimodzi chodziwika bwino.

"Ndayesa kale ine, ponse n'potseka," anatero Joost, katswiri wa pakampanipo, buledi ali kukamwa. "Lembani lipoti basi, mayi a makiyi."

"Wayesa makomo angati?"

"Chikwi. Aliyense amatero."

"Kusukulu kuja ndinkagwedeza chitseko chilichonse, ngakhale cha kachipinda ka matsache. Wakuba salowera pakhomo la alendo, iwe."

Joost anaseka mpaka kutsamwa. Femke anangoilamula pulogalamuyo kuti igogode makomo onse. Anzake anapita kukadya n'kubwerako, iye ali duu pampando.

Dzuwa litapendeka, mzere umodzi unatulukira pakompyuta. Khomo nambala 50,200 linali lotsegula! Makaniko wina adalitsegula kalekale kuti aziyang'anira mafiriji ali kutali, n'kuiwala kutseka. Munthu woipa mtima akanatha kulowera pomwepo, kuzimitsa mafiriji, tchizi chonse n'kuwonongeka.

Femke anakuwa mokondwa mpaka kapu ya khofi inagubuduka.

Bwana wawo, mayi Wiersma, anayang'ana mzerewo n'kumwetulira. "Lolemba mubwere, desiki ndi yanu. Ndipo mwambo mukuudziwa: wokondwa ndi amene amagula keke."

Lolemba kekeyo inabweradi. Joost anadya zidutswa ziwiri, kenako n'kukoka mpando. "Mayi a makiyi, tandiphunzitsani kugwedeza zitseko."

Inu amene mukuti nthawi yanu inapita, kantchito konyozeka kamene munkagwira kaja kanakuphunzitsani zimene ena sadziwa. Osataya mtima ayi. Makomo alipo ambiri, inu mwangogogoda awiri okha.