Madzi Obisala Pansi pa Kapeti

Bambo anga agwira ntchito ya umakaniko pa galaja imodzi kwa zaka makumi atatu. Manja awo sopo anawalephera kalekale. Chaka chatha maso awo anayamba kufooka, moti nati yaing'ono ikagwa pansi ankaifufuza ndi zala. Mwini galajayo anawauza kuti mwezi ukatha akapume.

Sabata yomaliza ya mweziwo ndinawapititsira mankhwala a m'maso amene anaiwala patebulo. Ndinapeza mayi wina wogulitsa mazira akukalipa. Galimoto yawo inali itabwerako kachitatu: madzi oziziritsa injini ankatha masiku awiri alionse. Amakaniko anali atasintha kale mapaipi awiri ndi chivundikiro cha radiyeta, koma pansi pa galimoto panalibe ngakhale dontho.

"Mwina imamwa ngati amuna anu, mayi," anatero makaniko wina amene amamutcha Sipanala.

"Iwe, amuna anga akamwa ndimadziwa kotulukira kwake!"

Bambo anapempha makiyi.

"Muona chiyani, madala?" Sipanala anaseka. "Ife a maso awirife talephera."

Bambo sanapite kuboneti. Anatsegula chitseko chakutsogolo, n'kuvula nsapato. Salowa m'galimoto ya munthu ndi nsapato za oilo, ngakhale anzawo amawaseka kuti akulowa m'kachisi. Atakhala pampando, zala zakumapazi zinayamba kuyendayenda pa kapeti. Kenako anawerama, anadina kapeti ndi chikhato, n'kununkhiza.

"Mayi, kodi m'mawa galasi lakutsogololi limachita nthunzi mkati?"

"Tsiku lililonse, bambo! Ndimachita kupukuta ndi mpango."

"Basi, yabooka ndi hita. Kuseri kwa dashibodiyi kuli karadiyeta kakang'ono kotenthetsa m'galimoto. Madzi anu safika pansi, akuthera mukapetimu."

Sipanala anakanganula kapetiyo. Thonje lapansi pake linali chinyezi chokhachokha, lobiriwira, lonunkhira ngati switi. Iye anakanda m'mutu. Ine ndinaima kuseri kwa matayala akale, ndikulakalaka nditauza aliyense wodutsa mumsewu kuti amenewo ndi bambo anga.

Mwini galaja anali atatuluka mu ofesi, akuonerera.

"Nanga dashibodiyo amasula ndani?" anafunsa.

"Amasule a maso awiriwa, bwana. Ine ndiziwauza pogwira."

Bwanayo anayang'ana thonje lonyowalo kwa kanthawi, kenako anatsokomola.

"Zija ndinanena za kumapeto kwa mwezi, madala, tiyeni tiziiwale."

Bambo anagwedeza mutu movomera, n'kutembenukira kwa Sipanala.

"Iwe Sipanala, yambira nati yam'munsiyo. Pang'onopang'ono, usandithyolere mapulasitiki a mayiwa."