A Belmiro ndi Nsalu Yawo Yonyowa

Ku Ntengo-Wambalame palibe amene sawadziwa a Belmiro, otemera nkhuku. Chitopa chikamveka kumudzi wina, iwo amayenda khomo ndi khomo, kabotolo ka katemera atakakulunga m'nsalu yonyowa, poti anaphunzira kuti chamoyo chimasungika pozizira. Nkhuku za anthu zinkaswana. Kwawo kokha ndiye kunali zii, zaka zinayi popanda mwana.

Mkazi wawo Delfina anapimidwa kawiri, osapezeka ndi vuto. Anawanyengerera amuna ake mpaka anapita kuchipatala ku Tete, komwe anawapatsa kabotolo koti aikemo umuna. Manyazi anawagwira. Anabwera nako kunyumba, n'kubwerera nako mawa lake. Pepala linatuluka loti palibe mbewu yoyenda ngakhale imodzi.

Nkhani inawafika a Benedita, azakhali a Belmiro, ndipo anamupeza Delfina akukumba mbatata.

"Mwana wanga, izi si zachilendo," anatero. "Timapeza mwamuna wina, alowe m'nyumba mwakachetechete, mwana n'kukhala wa Belmiro. Ndalankhula kale ndi Jordão."

Delfina ankamudziwa Jordão, mano ake a fodya aja, ndi kayang'anidwe kake akakumana kuchitsime. Anangoti, "Ndamva, azakhali," n'kupitiriza kukumba.

Delfina ndi munthu wa maso. Anakumbukira kuti tsiku la ulendo lija, nsalu ya katemera sinali pa msomali pake. Sanatsutsane ndi munthu. Anawatenga amuna ake, pepala m'chikwama, ulendo wa ku Tete.

Mayi woyeza, a Iolanda, anawerenga pepalalo n'kufunsa, "Kabotolo kaja munabwera nako bwanji?"

"M'nsalu yonyowa, senyora, ndi ayezi pang'ono," anayankha a Belmiro monyadira. "Maola asanu pa chapa, kaminibasi kathu kaja, sikanatenthe ngakhale pang'ono."

A Iolanda anavula magalasi. "Bambo, uyu si katemera wa nkhuku. Mbewu zimafuna kutentha kwa thupi, ndipo zifike ola lisanathe. Munazipha ndi chisamaliro chanucho."

Anawalozera kachipinda koti akaperekemo umuna wina. A Belmiro anatulukamo maso ali pansi. Kenako a Iolanda anawaitana onse awiri pa kompyuta. Delfina anaona tinthu tokhala ngati ana achule, tina titangoti duu, tina tikuzungulira pamodzimodzi, tina tikudutsa molunjika, makina akujambula kamzere pambuyo pa kalikonse.

"Pa zana, zoyenda bwino ndi vinte e sinko, makumi awiri ndi zisanu," anatero a Iolanda. "Si zambiri. Koma tikhoza kusankha zothamangazi, adotolo n'kukuikirani m'chiberekero."

Delfina anakhala pansi. A Belmiro analoza kamodzi. "Aka kakuthamanga ngati ine pa njinga."

"Inu ndi ako kagona pakonako," anatero Delfina, akuseka misozi ikutsika.

Atafika kumudzi Delfina anapita ndi pepala latsopanolo kwa a Benedita, nagwada bwinobwino. "Azakhali, muwauze a Jordão asavutike."

Adotolo atamuikira mbewu zija ulendo woyamba, sizinatheke. Wachiwiri mimba inakhala, ndipo Madalitso anabadwa mvula itayamba. Delfina mantha sanamuthere, mwana akagona amaika chala pamphuno kuti amve mpweya. A Belmiro akadatemerabe nkhuku. Akabwera n'kufuna kunyamula mwana, Delfina amayamba wawalanda nsalu ija.

"Uyu yekha, bambo a Madalitso, musam'kulungemo."