Tsiku Limene Achemwali Anakana Kusambitsa Khanda

Malemu achemwali athu anakalambira pa ntchito ya uzamba, koma kuphunzira sanasiye. Akangomva kuti ofufuza apeza zatsopano, ankakakamira pafoni, magalasi ali pamphuno, mpaka ndiwo kupserera pamoto.

Mwana wawo wamkazi atabereka kakhanda kosakwana masiku, apongozi ake a mtsikanayo anafika kuwodi ndi beseni la madzi ofunda. Achemwali anawatsekereza pakhomo.

"Asewele, ameneyu lero sasamba."

Mayi aja beseni linatsala pang'ono kuwapulumuka. "Mwati chiyani? Si inu nomwe munkasambitsa ana anga atangobadwa? Mdzukulu wanga agone ndi zonandazo ngati kamwana ka mbuzi?"

"Kale tinkatero, eya," anatero achemwali. "Pano tinadziwa kuti madzi amawalowetsa chisanu, makamaka tating'onoti. Ena amatisiya kumene."

Mayi aja anangokhala pansi, dzanja lili pakamwa, kukumbuka mwana wawo woyamba amene anazizira atangosamba, n'kumwalira.

Achemwali anakapukuta kakhandako, n'kukagoneka pachifuwa cha mayi wake, n'kuwafunditsa onse awiri. Pofika madzulo kanali katafunda, kakuyamwa mwaphuma.