Zala Ziwiri za Achemwali

Inu amene mtima uli pansi lero, tamverani za munthu amene analephera mayeso katatu, n'kudzuka, kenako n'kutsala pang'ono kugwetsedwa ndi pakamwa pake pomwe.

Tsiku limene zotsatira zinatuluka kachitatu, iye anaima pa bolodi la kusukulu mpaka anzake onse anabalalika. Anawerenga mayina kuchokera pamwamba kutsika, n'kuyambiranso pansi kukwera. Kenako anatukula pepalalo n'kusuzumira kuseri, ngati kuti aphunzitsi amabisako mayina ena kumeneko. Lake kunalibe. Anzake anali atamupatsa kale lina, loti Mabwereza, poti kalasi imodzi anaibwereza mpaka desiki inayamba kumudziwa.

Makolo ake onse anali atamwalira. Amalume amene ankamusunga anamuyang'ana n'kunena kuti, "Mutu umenewu si wa sukulu. Kaupezere ntchito ina." Atatero anamuikira zovala m'jumbo, n'kumuperekeza mpaka pachipata chokha.

Anayenda ola limodzi kupita kwa mlongo wake wamkulu, amene ankasoka zovala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Anafika maso ali psuu. Achemwali akewo sanali munthu wa mawu ambiri. Anamupatsa madzi, anadikira kuti amwe, n'kumufunsa kuti, "Wamaliza kulira? Khala apo, upalase makina."

Chiyambi chinali chomvetsa chisoni. Masingano ankathyoka tsiku ndi tsiku. Tsiku lina anasoka buluku n'kutseka matumba onse, mwini wake anachita kubwera manja ali m'malere kudzafunsa kuti makiyi aziika kuti. Nthawi zonse achemwali ankangoyang'ana msokowo n'kunena mawu awiri okha: "Masula, ubwereze."

Apa ndi pamene panaoneka kuti Mulungu sataya munthu. Chinthu chimene chinamusandutsa choseketsa kusukulu ndi chimene chinamupulumutsa, chifukwa kubwereza iye sikunkamutopetsa. Ankamasula, n'kusoka, n'kumasulanso. Pomatha zaka ziwiri, msoko wake unali wowongoka ngati wajambulidwa ndi rula, wolimba woti ukhoza kumangira ng'ombe.

Koma masamu amene anamuthamangitsa kusukulu aja anamutsatira mpaka pamakina. Akagwira tepi yoyezera, manambala ankamuvinira m'maso. Choncho anagawana ntchito. Achemwali ankayeza anthu, kujambula ndi choko ndi kudula nsalu m'chipinda cha kuseri. Mabwereza ankakhala pakhonde, n'kumasoka zimene wapatsidwa.

Vuto la pakhonde n'lakuti anthu amakuona. Odutsa ankaona munthu akupalasa makina, thukuta lili kamukamu, madiresi okongola atapachikidwa kumbuyo kwake. Lumo lolira kuseri palibe ankalimva. Dzina la Mabwereza linafa, anthu anayamba kumutchula kuti Atelala. Ntchito inachuluka, anagula makina atsopano, anaika chikwangwani, ndipo iye anayamba kuyenda tepi ili m'khosi, yomwe ntchito yake inali yofanana ndi ya tayi.

Tisamunamizire, kupemphera ankapemphera ndithu. Tsiku loyamba limene abusa anamupempha kupereka umboni mu tchalitchi, ananena zoona zokhazokha, ndipo amayi ambiri analira. Chimene chinamuwononga ndi m'manja mmene anamuombera. Anamuitananso, n'kumuitananso, ndipo umboni uja unayamba kunenepa.

Kulephera katatu kuja kunasanduka kasanu. Ulendo wa ola limodzi unafika masiku atatu, wopanda nsapato, mvula ikugwa. Pamene mavuto ankakula, achemwali ankachepa. Mu umboni woyamba ndi iwo anamuphunzitsa ntchito. Mu wachiwiri anangomuthandizako apo ndi apo. Mu wachitatu ankangomuphikira tiyi. Lamulungu lina, Atelala anakweza dzanja kumwamba, mawu akunjenjemera, n'kunena kuti, "Abale, panalibe wondigwira dzanja. Tinali awiri basi, ine ndi Mulungu wanga."

Achemwali anali pa benchi lachitatu, akudzikupiza ndi buku la nyimbo. Bukulo linaima.

Lolemba m'mawa kunabwera woimbitsa kwaya atasenza nsalu ya buluu. Ankafuna mikanjo makumi awiri, yoti akwaya adzavale Lamulungu lachiwiri, tsiku lotsegulira tchalitchi chatsopano. Atelala analonjeza ndi mtima wonse, kenako anaitana monga mwa masiku onse, "Achemwali, kwabwera zoyeza."

Achemwali anatuluka. Anaika choko ndi lumo pamwamba pa makina ake, mwaulemu kwambiri.

"Ndinamva dzulo kuti muli awiri, inu Atelala ndi Mulungu wanu," anatero. "Ine wachitatu ndingakupanikizeni. Dulani nokha. Mwezi ukatha ndichotsa makina anga akale aja, ndapeza kachipinda kwina."

Mawu akuti "inu" aja anamulasa kuposa mbama, chifukwa kuyambira ali khanda achemwali ankamutchula kuti iwe. Anadziwa kuti akutaya munthu yekhayo amene anamutsegulira chitseko. Panangofunika mawu amodzi, pepani. Koma woimbitsa kwaya anali chiimire pomwepo, ndipo munthu amene wakwera pamsana pa njovu amaiwala msanga kuti pansi pali mame. Atelala anangoseka n'kunena kuti achemwali amakonda nthabwala.

Anayeza akwaya onse yekha, aliyense katatu, mpaka ena anayamba kudandaula kuti manja atopa. Ndipo chodabwitsa n'chakuti sanalakwitse nambala ngakhale imodzi. Anajambula bwinobwino, anadula ndendende pamzere wa choko, mtima uli m'malo. Kenako anakhala pamakina n'kusoka mmene manja ake anazolowerera, kulowa mkati pang'ono kuchokera m'mphepete mwa nsalu. Sanadzifunse kuti kansalu kotsala m'mphepete kaja, kamene msoko umadya, ankakaikapo ndani zaka zonsezi.

Lachitatu la sabata yotsatira, masana, akwaya anasonkhana kudzayesa mikanjo. Woimbitsa kwaya ndiye anayamba. Analowa movutikira, ndipo atati akweze manja kuti ayambitse nyimbo, manjawo anathera m'chiuno, akungophiriphita ngati nkhuku yomangidwa mapiko. Bambo wina woimba besi, munthu wa thupi lake, mutu unalowa koma mapewa anakana, ndipo anayamba kuitana mkazi wake ali mkati mwa nsalu. Amayi ena analowa ndithu, koma anafunsa monong'ona ngati n'kotheka kuimba osapuma.

Msoko wa Atelala ndiwo unaipitsa zinthu. Ukanakhala wa telala wina ukanang'ambika, anthu n'kupeza mpweya. Koma uwu unagwira nji.

Mayi wina anati mwina nsalu yafota. Wina anati mwina akwaya anenepa. Woimbitsa kwaya, manja akadali m'chiuno, anati, "Atelala athu sangalakwitse, munthu wa umboni ngati uja. Uyu ndi Satana, safuna kuti tidzaimbe."

Anagwirana manja, amene akanatha kutero, n'kuyamba kudzudzula mdyerekezi kuti atuluke m'nsalu. Ndimachita manyazi kunena, koma Ameni wamkulu kuposa onse anachokera kwa Atelala.

Anasenza mikanjo ija kubwerera nayo kunyumba. Kunamiza anthu anali atakuzolowera, koma tsiku limenelo anaona kuti wanama m'pemphero, maso ali otseka, pamaso pa Mulungu amene ankati ali naye awiri. Anachita mantha, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masiku ambiri analowa m'chipinda cha kuseri.

Achemwali anatenga mkanjo umodzi, anautembenuza, anayang'ana msoko.

"Zala ziwiri zija mwazisiya kuti?"

"Zala ziti, achemwali?"

Iwo anayala kansalu patebulo, analemba mzere ndi choko, anagoneka zala ziwiri pambali pa mzerewo, n'kudula kunja kwa zalazo.

"Lumo siliyenda pamzere. Mumasiya zala ziwiri kuti msoko upeze podya, munthu apeze popumira. Zaka khumi mwakhala mukusoka pa zala zangazi, osafunsa n'komwe."

Mabwereza anakhala pansi, pa mulu wa zidutswa za nsalu. "Pepani, achemwali. Ndinalakwa."

"Munandichotsa pagulu, mukundipepesa kuseri," anatero achemwali. "Komabe akwaya sanalakwe kanthu. Tengani lezala. Masulani, mubwereze."

Anatulutsa nsalu yoyera imene ankasunga, n'kuyamba kudula timizere tautali toti tilowe m'mbali mwa mkanjo uliwonse, kuyambira kukhwapa mpaka pansi. Masiku atatu Mabwereza anamasula misoko yake yolimba ija, akuitukwana chamumtima. Achemwali ankadula, iye ankasoka. Za makina akale aja achemwali sanatchulenso, koma anali atawapukuta kale n'kuwamanga ndi chingwe pafupi ndi chitseko.

Lamulungu akwaya analowa akuimba, buluu ndi mizere yoyera, manja akukwera mpaka kumwamba. Tchalitchi chonse chinatembenuka. Anthu ananong'onezana kuti mikanjo yotere sanaionepo. Nyimbo itatha, abusa anaitana Atelala kutsogolo.

"Mdyerekezi anafuna kutichititsa manyazi, koma taonani," anatero abusa. "Tatiuzeni, nzeru ya mizere yoyerayi Mulungu anakupatsani bwanji?"

Mayesero enieni ndi amenewa, abale, obwera atavala bwino. Yankho linali litafika kale pa lilime, lokoma, la maloto ndi angelo ovala zoyera. Anthu anali atakonzeka kale kuomba m'manja. Iye anayang'ana pa benchi lachitatu. Achemwali ankayang'ana pansi, ngati munthu amene akudziwa kale zimene zikubwera.

"Abusa," anatero, "Satana timusiye, sabata ino sanafike kushopu kwathu. Mikanjo ndinaiwononga ndine. Sinditha kudula. Chovala chilichonse chimene munandiyamikira nacho anayeza ndi kudula ndi achemwali anga, akhala apowo. Mizere yoyerayi ndi zigamba zimene aika pobisa manyazi anga. Ndinati tinali awiri, ine ndi Mulungu. Ndinanama. Mulungu atafuna kundigwira dzanja, anagwiritsa ntchito dzanja lawo."

Mu tchalitchi munali zii. Ndiye poti chizolowezi sichifa tsiku limodzi, Mabwereza anamva kukoma kwa chetelo n'kuyamba kuwonjezera.

"Ine ndine nyongolotsi chabe. Sindidziwa kanthu. Ngakhale kulowetsa ulusi pa singano sinditha."

Achemwali anaimirira, buku la nyimbo lili m'manja.

"Abusa, wayambanso kunama," anatero. "Kusoka amatha, palibe womuposa kuno, afunseni a besi. Iwe, nena zoona zokha, usatalikitse, usafupikitse. Ndiponso analephera katatu, osati kasanu. Anabwera kwanga nsapato zili kuphazi, dzuwa likuwala."

Tchalitchi chinaphulika ndi kuseka, abusa mpaka anavula magalasi. Mabwereza anaseka nawo misozi ikutsika. Anthu ankaganiza kuti ndi ya manyazi, koma iye anali atamva mawu amodzi okha pa zonsezo. Achemwali anali atamutchulanso kuti iwe.

Lolemba m'mawa Mabwereza anamasula chingwe pa makina akale aja. Kenako anatulutsa tebulo lodulira n'kuliika pakhonde, pambali pa makina ake. Achemwali anadandaula kuti pakhonde pali fumbi ndi anthu olongolola, koma sanalibweze. Tepi ija inachoka m'khosi mwa Mabwereza n'kubwerera kwa mwini wake. Umboni amaperekabe mpaka pano, ndi waufupi, ndipo anthu saomba m'manja kwambiri ngati kale. Iye amati ndi umene umamukwana bwino.

Tsono inu amene muli pansi lero, amene mwayang'ana dzina lanu mpaka kuseri kwa pepala, musataye mtima. Masulani, mubwereze, Mulungu sanathane nanu. Koma tsiku limene mudzakwere, anthu n'kukupatsani mpata woti mulankhule, musadzadule nkhani yanu ndendende pa inu nokha. Pali wina kuseri amene anakugwirirani lumo. Mudzamusiyire zala ziwiri, ndipo mudzamutchule iye akumva.