Zinziri ya pa Phalula yandiphera Ahedi

Bambo wachipewa chamlaza amene amagulitsa zinziri m'mbali mwa msewu pa Phalula wandiphera mnzanga. Ndikudandaulira inu a Fomu 3, ngakhale masabata asanu onse amene ndakhala kuno ku Utale palibe wandiponyera ndi kakalata komwe. Muwerengerane pa nthawi ya sitade.

Chimene anandiimitsira sukulu mukuchidziwa: chitedze cha m'bulangete la pulifekiti chija. Sindikupepesa. Anavina bwino kuposa pa tsiku la zisudzo. Koma kuno kwa amalume kulibe woseka naye. Amalawirira ku ntchito ya njanji, ndipo akabwera mawu awo ndi awiri okha: "Wathirira?" ndi "Kagone."

Sabata yoyamba ndinakola zinziri yaimuna m'munda wa mapira. Ndinaitcha Ahedi, chifukwa cha khosi lakuda la kamzere koyera ngati kolala, komanso poti imayamba kulankhula anthu asanadzuke. Ndinawamangira kakhola ka bango, n'kumawafukulira chiswe. Ahedi amenewa ankandimvetsera mpaka ndimalize. Koma m'mawa uliwonse ankaitana, kuitana, osayankhidwa. Ndinati iyayi, osungulumwa tachuluka pakhomo pano. Mmodzi akwatire.

Loweruka ndinabwereka njinga ya amalume, eni ake asakudziwa. Pa Phalula ndinafika 10 koloko. M'dengu la bamboyo munali tiana ta zinziri, tonse tofanana, tamtundu wa dothi. Ndinati ndikufuna yaikazi. Anatola imodzi, n'kuigwira miyendo, mutu pansi. Akuti yaimuna imadzikweza kufuna kukujompha, yaikazi imangolendewera mwaulemu. Yangayo inalendewera.

Ndinafunsa kuti, "Bambo, nanga sitiona pakhosi?"

"Mwanawe, za m'mabuku uzisiye kusukulu. Ine ndinayamba kugwira zinziri mayi ako asanavinidwe."

Ndinapereka matambala 25. Ndinaitcha Amatironi.

Masabata awiri anakhala bwino. Yachitatu ndinaona tinthenga takuda pansi pa mlomo wa Amatironi. Ndinayesa litsiro. Ine, wa sekondale, ndinatenga kansanza konyowa kupukuta! Lachinayi m'mawa m'khola munatuluka mawu awiri. Ndinakondwa, mukudziwa? Ndinati basi, Ahedi ayankhidwa. Ndinapita kudimba 6 koloko ndikuimba mluzu. Pobwera hafu pasiti 8, ndinapeza Ahedi ali chigonere pangodya, mutu wonse wosendeka, magazi pa bango. Amatironi ali chilili pakati, chifuwa patsogolo. Dzuwa lisanafike pamutu, Ahedi anatsirizika m'manja mwanga.

Amalume atabwera anangoti, "Ndiye uwotche msanga isanaonongeke." Ndinakawakwirira kuseri kwa nkhokwe. Pamaliropo ndinali ndekha.

Loweruka linalo ndinapalasanso, Amatironi ali m'katoni. Poyamba bamboyo akuti sandidziwa. Nditatsegula katoni, akuti mwina ndinkaipatsa chiswe chambiri, chiswe chimalimbitsa magazi. Ndinati chiswe chimasandutsa mkazi kukhala mwamuna? Nanga nkhuku zonse za pa Utale bwanji zikuikirabe? Amayi ogulitsa tomato pambalipo anaseka mpaka kugwira nthiti. Kenaka bamboyo akuti ndithokoze, yaimuna ndiyo yodula, mwina ndiwonjezerepo.

Ndinati, "Chabwino bambo, taigwiraninso miyendo tione."

Anaigwira. Khosi lili bii, kamzere koyera kakuonekera patali. Mbalame ija inalendewera mwaulemu ngati tsiku loyamba.

"Waona? Yaikazi."

Anatero osaphethira n'komwe. Anafunanso kunditolera ina m'dengu, akuti iyi yokha alumbira. Alumbira chiyani? Kulumbira kudzutsa Ahedi? Ndi angati ena amene anatenga amuna awiri n'kukawatsekera m'khola limodzi chifukwa cha sayansi ya miyendoyi? Ndipo ndani amafunsa anthu otere pamsika, poti pachipata amangoona khadi la msonkho basi?

Bamboyo amakhalira thumba lopinda. Anadzuka kukathamangira basi ya ku Lilongwe, dengu m'manja. M'thumba langa la kabudula munali kabokosi ka machesi, ndipo munalibe machesi. Zambiri sindinena. Pofika pa mlatho ndinacheuka: munthu wamkulu akudzikanda ndi manja onse, chipewa chili pansi. Ndinaseka, koma kuseka wekha sikutenga nthawi.

Tsono mverani, inu amene mumadutsa pa Phalula popita kutchuthi. Musagule kamwana ka zinziri kamene kakadali kamtundu wa dothi, chifukwa pa msinkhu umenewo tiana tonse timaoneka tatikazi. Dikirani nthenga za pakhosi zimere. Pakada n'kutuluka kamzere koyera, ndi mwamuna. Pakakhala potuwa mbalame itakula, ndi mkazi. Wina akayamba kuigwira miyendo, kwerani basi. Ndipo amuna awiri musawaike khola limodzi, ngakhale mmodzi akhale wosungulumwa chotani.

Amatironi sindinawasinthe dzina. Ndimawafukulirabe chiswe, nanga ndipatse yani? Pamene ndikulemba pano, Amatironi akuitana pakhonde, mawu ake omwe aja a Ahedi, nthawi yake yomwe ija. Wowayankha kulibe.

Adiresi ndi ya amalume, pa siteshoni. Kapena sitampu inakwera mtengo?