Matope a Lamlungu

Inali sikisi koloko m'mawa wa Lamlungu, ndipo a Noeleen anali atagwada kale kuseri kwa nyumba, paipi ya madzi dzanja ili, supuni yakale dzanja linalo, akukokota matope kunsi kwa galimoto ya mpikisano ya amuna awo, a Mervyn. Ntchitoyi anali ataigwira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Matope a kubwalo la mpikisano ndi a katondo, ukawasiya mpaka masana amauma gwa ngati simenti. Pachitseko cha galimotoyo panalembedwa dzina la a Mervyn, la wogulitsa matayala, ndi la galu wawo amene anafa kalekale. La a Noeleen panalibe.

A Mervyn ankameta nkhosa m'kati mwa sabata, Loweruka n'kumazungulira bwalo lija pambuyo pa anzawo, akudya fumbi. Chaka chilichonse ankalumbira kuti, "Ndikadzangopambana kamodzi, mayi, ndidzasiya. Lamlungu lidzakhala lanu."

Dzulo lake zinatheka. Magalimoto atatu otsogola anakolana pokhota, ina inaphulika tayala, a Mervyn n'kudutsa pakati pawo mwaulemu ngati munthu wochokera kutchalitchi. Atapatsidwa mbendera yoti azungulire nayo bwalo, anaigwira chozondoka, misozi ili chuchuchu, ndipo anazungulira katatu chifukwa potulukira sankapaona. A Noeleen nawo analira atagwira mpanda. Anthu ankati, "Koma chikondi!" Chikondicho chinalipo ndithu, koma a Noeleen ankaganiziranso mawondo awo otopa n'kugwada.

Tsopano a Mervyn anatuluka m'nyumba atavala kabudula, chikho chimene anapata kumpikisano chili kukhwapa. Anali atagona nacho.

"Mayi, kunsiko mutsuke bwino. Loweruka likubwerali anthu adzafuna kuona ngwazi."

"Ngwazi yake iti? Si paja munati mudzasiya?"

"Ndinatero, inde. Koma galimoto yopambana singamangokhala m'shedi. Ingadwale."

A Noeleen anatseka madzi, n'kuyang'ana galimoto ija. Bawuti iliyonse ankaidziwa. Ndipo zaka zonsezo ali chiimire kumpanda ankaona bwino lomwe kuti amuna awo amafulumira kuponda buleki pokhota. Sananenepo n'kamodzi komwe.

"Zoona, isadwale," anatero. "Koma lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, bambo. Inu mwasiya." Anawafumbatitsa supuni ija. "Muyambire matayala akumbuyo, angwazi. Matope asanaume."

A Mervyn anangotsala chikho uku, supuni uku.

A Noeleen anapukutira manja m'diresi, n'kupita kumpanda kumene aneba awo, a Dulcie, ankayanika thaulo limodzi lomwelo kachitatu, makutu ali tcheru.

"A Dulcie, chipewa chanu chokwerera njinga yamoto chija mudzandibwereke Loweruka. Ndipo ngati muli ndi kapilo kolimba muwonjezere, chifukwa mpando wa bambowa uli kutali ndi chiwongolero."