Magazi akuda a bambo Sakala

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi Bambo Mfumu a ku parishi kwathu ku Kasenengwa. Ufulu unali utangobwera kumene, Chipata tikumutchulabe Fort Jameson, ndipo chipatala china cha mishoni chinkafuna wothandiza m'chipinda choyezera magazi. Ndinkawiritsa masingano ndi kutsuka timagalasi. Kenaka a Tembo, amene ankandiyang'anira, anandiphunzitsa kumanga lamba pamkono, kupukuta ndi sipiriti ndi kubaya mtsempha.

Ntchitoyo sinali yovuta, ovuta anali anthu. Mbiri inawanda yoti ndine kamunyama, uja amati amapopa magazi a anthu n'kukagulitsa kwa azungu. Kumsika amayi ankabisa ana kumbuyo ndikamadutsa. Kutchalitchi benchi yonse inkakhala yanga, ngati bwana. Ndinkadya ndekha tsiku ndi tsiku, ndipo kunena zoona ndinkasungulumwa koopsa.

Tsiku lina kunabwera bambo Sakala a ku Madzimoyo ndi kamtsikana kawo, m'zikhatho mwake muli mbuu. Malungo anali atamutha magazi, ndiye kumudzi anamutemanso mphini n'kumulumika ndi nyanga kuti achotse magazi akuda, amene ankati ndiwo matendawo. Mwanayo ankafunika kuwonjezeredwa magazi tsiku lomwelo. Titayeza bambo ake pachala, tinapeza kuti awo akugwirizana ndi ake.

Ndinamanga lamba n'kubaya mtsempha. Ataona magazi akulowa m'botolo ali bii, a Sakala anandigwira dzanja.

"Chotsani! Mwaona? Nanenso ndili nawo oipawo. Mufuna ndiphe mwana wanga?"

Ndinayesa kufotokoza, koma mawu a kamunyama angawamve ndani? A Tembo anandinong'oneza: "Wamantha samva ndi makutu. Muonetse."

Ndinapinda malaya, a Tembo n'kundibaya. Anga nawo anatuluka akuda chimodzimodzi. Ndinawathira pang'ono m'kabotolo n'kukhutchumula, ndipo atasakanikirana ndi mpweya anayamba kufiira.

"Atate, a mumtsempha amakhala chonchi kwa aliyense," ndinatero. "Sanaonongeke ayi, akungobwerera kukatenga mpweya."

A Sakala anayang'ana kabotoloko nthawi yaitali, kenaka mkono wanga.

"Kansi kamunyama amabayidwanso?" anafunsa, uku akutambasula mkono wawo.

Mwanayo anachira. Tsiku lotuluka ndinawapeza a Sakala pansi pa mtengo wa mango akusenda nsawa. Ndinafuna kulambalala monga ndinazolowera, koma anandiitana.

"A dokota, bwerani tidye."

Sindinali dokota, koma sindinawakonze. Ndinakhala pansi, tonse n'kumatapa m'mbale imodzi. Chibwerere pachipatalapo, aka kanali koyamba kudya ndi munthu wochokera kumudzi.

Kumsika sanasiye kubisa ana. Koma kuyambira pamenepo, munthu akaopa singano sindinkalimbana naye ndi mawu. Ndinkayamba ndapinda malaya anga.